Dzina Lachilendo la Chinthu Chakwathu

Tsiku lina m'nyengo ya masika tinasiya mnyamata wina m'chipinda chophunziramo, pakuti anali atachedwa masiku atatu otsatizana, ndipo tinaunjika mabuku patsogolo pache ndi kumuuza kuti, "Khala pano, uwerenge mabuku awa kufikira tibwere." Pobwera ife tinampeza ali kusema phanda la legeni, mabuku ali chitsekere. Tinamfunsa kuti, "Kodi wawerenga?" Iye anaimirira mwaulemu nati, "Inde, aphunzitsi, ndawerenga. Alipo 14." Dzanja lathu linali litafika kale pa kamtengo kamene aphunzitsi a masiku aja anali kusunga kuseri kwa chitseko, koma tinalibweza, chifukwa mnyamatayo sananame. Tinati awerenge, ndipo anawerengadi. Liu limodzi lomweli litanthauza kutsata malemba ndi maso, litanthauzanso kufuna kuchuluka kwa zinthu. Ndipo iye, pokhala waulesi koma wochenjera, anasankha tanthauzo lopepuka natisiyira lolemeralo.

Nkhani imeneyi tinali titaiiwala, koma yatibwerera mumtima mwezi wathawu, pamene mphunzitsi mnzathu wachinyamata anadza ndi buku la Chingerezi, naloza ndi chala pa mau akuti double entendre, nafunsa kuti, "Kodi akuluakulu, chinthu chimenechi m'Chichewa tichitcha chiani?" Wina anati chining'a, wina anati mkuluwiko, koma wachitatu, munthu wa makalata ambiri a maphunziro, anati tisadzibvute, pakuti chinthucho nchachizungu ndipo kwathu kuno kulibe. Yankho lotsirizali ndilo latigwiritsa cholembera. Munthu akayamba kuyesa kuti chimene sachipeza m'buku la mayeso kulibe m'chinenero chache, ana amene awaphunzitsa adzakula akuyesa makolo ao anthu osadziwa kulankhula.

Tiyambe ndi mlendoyo, timfunse kwao. Mau awiriwa akhala m'mabuku a Chingerezi, koma thupi lao ndi la Chifalansa. Loyambalo linena chinthu cha pawiri. Lachiwirilo, entendre, ndilo mneni, ndipo lifanana kwambiri ndi "kumva" kwathu, pakuti ligwira kumva kwa khutu ndi kumva kwa mtima komwe. Monga ife tinena kuti tamva kulira kwa ng'oma, tinenanso kuti tamva chimene mkulu atanthauza, momwemonso Afalansa. Gwero lache ndilo liu la Chilatini, intendere, ndiko kutambasula chinthu ndi kuchilozetsa kwina, monga achita munthu wotchera khutu. Chotero tikamasulira liu ndi liu tipeza "kumva pawiri." Owerenga asunge ichi, pakuti tidzabwererako: dzinali siliika nchito yonse pa wonena, koma liiika pa wakumva.

Linalowa m'Chingerezi m'zaka zotsata 1660, chaka chimene mfumu Charles II inabwerera ku London itakhala nthawi m'maiko a kutsidya kwa nyanja, ndi ku France komwe; ndipo anthu a ku bwalo la mfumu anayamba kuyesa Chifalansa ngati chobvala cha ulemu. Malo oyamba amene odziwa mbiri ya mau aloza ndiwo sewero la John Dryden, Marriage à la Mode, losindikizidwa mu 1673. M'seweromo muli mkazi wina wonyada, dzina lache Melantha, amene alamula mdzakazi wache kumtolera mau a Chifalansa tsiku ndi tsiku, kuti akawamwaze pocheza ndi anthu omveka. Ndipo pa mndandanda wa mau otolawo pali dzina lathuli. Dryden anali kumseka mkaziyo. Ife timzindikira msanga, pakuti a Melantha tiri nao kwathu kuno, amuna ndi akazi omwe, amene sangapemphe madzi akumwa osathirapo Chingerezi.

Chodabwitsa nchakuti Afalansa, eni ache, analitaya dzinali. Iwo anena double sens, kapena à double entente. Ndipo Mngerezi akanena double entendre ku Paris, eni mudzi amdabwa. Mlendo wathu ali ngati mtchona wokalambira ku Johannesburg, amene kumudzi anamuiwala kale, koma kumene akhalako amtchabe dzina la dziko la kwao.

Ndipo m'dziko lachilendolo dzinali linachepa. Lero Mngerezi akati double entendre, kawirikawiri anena mau amene nkhope yao iri yoyera, koma tanthauzo lachiwiri liri la manyazi, la zinthu za kuchipinda. Pa nthabwala wamba ya liu la matanthauzo awiri iwo ali ndi kaliu kena kafupi, pun, kamene kanaonekera m'zaka zomwezo za m'ma 1600. Ndipo Agriki, kalekale Angerezi asanalembe buku, anali kutcha chinthu chofanana nacho paronomasia, ndiko kuika dzina pambali pa dzina linzache. Chifukwa chache mphunzitsi achenjeze ana ache, kuti wina angakauze mlaliki kuti ulaliki wache unadzala ndi double entendre, akuyesa kuti amtama.

Tsono tibwere kwathu. Tiri ndi mau atatu oyandikana ndi chinthu chimenechi. Pali kukuluwika, kumene kwabala mkuluwiko. Pali kuphiphiritsa, kumene kwabala chiphiphiritso. Ndipo pali chining'a. Mabuku a sukulu anagawa minda: anapatsa mkuluwiko miyambi ya nzeru, napatsa chining'a mau onga kuona msana wa njira, kutsamira dzanja, kugona pamphepo. Magawidwe amenewa athandiza woyesa mayeso, ndipo sititsutsana nao. Koma tinene mosabisa kuti chimene anachita mnyamata wathu uja sichipezeka m'munda uli wonse mwa iwiriyi. Tikamva kuti mkulu wakuti watsamira dzanja, palibe mmodzi wa ife aganiza za dzanja. Mtima upita pa maliro pomwepo. Tanthauzo loyamba linafa kale, latsala limodzi, ndipo pamene pali tanthauzo limodzi palibe kumva pawiri. Koma wina akadzutsa tanthauzo lakufalo, pamenepo chinthu chibadwa. M'mwezi wa chisanu mbeta yamphongo idandaula pamoto kuti usiku wonse sinapeze tulo chifukwa cha kuzizira, msuweni wache, osaseka konse, afunsa kuti, "Nanga inu mudzaleka liti kugona pamphepo?" Ana okhala pamotopo amva za chitseko chosatsekeka bwino, akulu amva za ukwati, nayang'ana pansi kubisa mano.

Apa ndipo tiona kuti m'kamwa mwa akulu chining'a chinali chachikulu koposa mndandanda wa m'buku. Akati, "Ananena m'zining'a," atanthauza kuti pabwalo panali makutu a mitundu iwiri, ndipo wonenayo anapatsa khutu liri lonse gawo lache. Pamaso pa ana mai anena za mnzache kuti ali ndi pakati. Mlendo apempha kukataya madzi. Anamkungwi alangiza namwali za mchere, za kutentha ndi kuzizira, ndipo mwana wodutsa kuseri ayesa kuti anena za kuphika ndiwo. Kodi uku sindiko "kumva pawiri" kuja kwa Afalansa? Kusiyana kwache nkwakuti Mngerezi wa lero achita ichi kuti atulutse za manyazi mochenjera, koma makolo athu anali kuchichita kawirikawiri kuti aziphimbe.

Koma asatiyese kuti zonse zinali za ulemu wokhawokha. Pa msika wina wa kumtunda, nyengo ya mvula, tinamva mkulu wina akudandaula za mtengo wa usipa, wogulitsayo anati, "Agogo, musandida ine, nsomba zakwera mtengo masiku ano." Mkuluyo anatukula maso kuyang'ana m'nthambi za mkuyu wa pamsikapo, napenyetsetsa nthawi, nati, "Nsomba zikayamba kukwera mtengo, anyani asamukira m'nyanja." Anthu anaseka, wogulitsa anaseka, ndipo mulu wa usipa unaonjezedwa pang'ono. Nthabwalayo inagula chimene kudandaula kukadalephera kugula.

Chimene sitidzaiwala ndicho tinachimva pa maliro. Anamwalira munthu wina wosauka ndithu, amene moyo wache wonse analibe mbuzi kapena njinga, wolima m'minda ya eni kuti apeze mbale ya ufa. Njira ya kumanda inali yokwera, ndipo adzukulu onyamula bokosi anali kulandizana pafupipafupi, thukuta liri kamukamu. Atafika pa chitunda, mmodzi wa iwo, nkhalamba imene inakula naye malemuyo, anagogoda bokosi ndi chala nati, "Achimwene, lero lokha mwalemera." Ena anaseka pang'ono, monga mwambo ulola adzukulu kuseketsa anamfedwa, koma mlongo wa malemuyo, amene kufikira pamenepo anali atauma maso, anayamba kulira kwambiri. Iye anamva zonse ziwiri pamodzi, kulemera kwa mtembo ndi chuma chimene mlongo wache sanachione. Ndipo liu limodzi linanena za moyo wonse wa munthuyo koposa mau ambiri amene ananenedwa pambuyo pache pa mtumbira. Tinakumbuka pamenepo kuti William Shakespeare, m'sewero la Romeo and Juliet, aika nthabwala yotere m'kamwa mwa Mercutio atalasidwa, pa liu la Chingerezi lakuti grave, limene litanthauza manda, litanthauzanso munthu wa nkhope yosaseka. Nkhalamba ija sinalowe m'sukulu, ndipo Shakespeare sinamumve ndi dzina lomwe. Koma awiriwa anadziwa chinthu chimodzi, kuti pamene chisoni chikula kwambiri, mau olunjika achepa mphamvu.

Pali kanthu kena kamene aphunzitsi ayenera kukazindikira, ndiko kusiyana kwa pakamwa ndi papepala. Chinenero chathu chikweza ndi kutsitsa liu, ndipo kukweza kumeneku kusintha tanthauzo. Ponena mtengo wa m'thengo liu likwera pa "te". Ponena mtengo wa malonda likhala pansi ponseponse. (Mtengo wa malondawu uli ndi abale kumwera: kwa Mashona kutenga ndiko kugula, ndi mutengo ndiwo mtengo wa chinthu, Azulu anena ukuthenga.) Momwemonso khungu la thupi ndi khungu la maso sizimveka chimodzimodzi m'kamwa mwa mwini chinenero. Mkulu wa pamsika uja anamva bwino lomwe chimene wogulitsa ananena. Anapotoza liu dala, ndipo anthu anaseka chifukwa anamva kupotozako. Koma kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liu. Chotero pepala lisandutsa mapasa mau amene pakamwa ali pachibale chabe. Mwana wophunzira Chichewa ndi maso okha adzayesa kuti mau awiriwa ndi amodzi, ndipo powerenga mokweza adzagulitsa nkhuni pamene wolemba anafuna kunena za ndalama. Kulemera, kuwerenga ndi kumva ndi a mtundu wina, pakuti awa ndi liu limodzi ndithu limene linaphuka nthambi ziwiri. Ndipo nthabwala zomangidwa pa iwo zikhala zakuya koposa, chifukwa nthambizo zikomana pa tsinde.

Angerezi ena ophunzira anapeputsa luso limeneli. Joseph Addison, polemba m'nyuzi ya The Spectator mu 1711, analiyesa nzeru yonyenga, napereka muyeso wache: kuti munthu amasulire nthabwalayo m'chinenero china, ikapulumuka, inali nzeru yeniyeni, ikafera m'njira, inali phokoso la mau chabe. Samuel Johnson naye, mu 1765, anadzudzula Shakespeare kuti anali kusiya njira yache kuthamangira nthabwala zotere. Ife tilemekeza akulu awiriwa, koma muyeso wa Addison sitiubvomereza. Yesani kumasulira mau a nkhalamba ija m'Chingerezi: mudzasankha kulemera kumodzi ndi kutaya kunzache, ndipo chotsalacho chidzakhala chopanda mchere. Kodi tidzati tsono mlongo uja analira chifukwa cha phokoso chabe? Iai. Chimene chifera m'njira pomasulira ndicho chuma chenicheni cha chinenerocho, chimene china sichingabwereke. Nsima siinyozeka chifukwa siiyenda ulendo wa sabata.

Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anakomana nalo bvuto lomweli. Pa Mateyu 16 Chigriki chiika dzina la Petros pambali pa petra, ndilo thanthwe. M'Chifalansa ziwirizi zigwirizanabe, pakuti Pierre ndi dzina la munthu, ndiponso ndi mwala. Koma kwathu Petro ndi thanthwe sizimvana m'khutu, ndipo mphunzitsi ayenera kuonjeza ndi pakamwa chimene pepala lataya. Pa Yohane 3 liu limodzi la Chigriki, pneuma, linyamula mphepo ndi mzimu, ndipo ife tiyenera kulemba mau awiri. Amene ayesa luso limeneli masewera a ana ayambe afotokoza chifukwa chache lipezeka m'malo otere.

Komatu sitibisa kuti mau a pawiri ali ndi mbale wao woipa. Herodotus asimba za Croesus, mfumu ya Lydia, imene inatumiza amithenga kwa alauli a ku Delphi kukafunsa ngati iyenera kuthira nkhondo Aperisi. Ndipo yankho linabwera lakuti ikatero idzapasula ufumu waukulu. Mfumu inakondwera, inapita kunkhondo, ndipo ufumu umene unapasuka, pafupi ndi chaka cha 546 Kristu asanabadwe, unali wache womwe. Alauliwo anatchera mau ao kuti, chingagwe chiri chonse, iwo akhale osalakwa. Munthu wotere makolo athu anamtcha nthirakuwiri, wothira uku ndi uku. Ndipo chifukwa cha iye sitikondwera nalo dzina lakuti "mau a pawiri" limene ena afuna kulipanga, pakuti linunkha chinyengo. Muyeso wathu ndi uwu: wonena m'chining'a afuna kuti woyenera kumva amve ndithu, ndipo akapanda kumva, wonenayo walephera; koma nthirakuwiri afuna kuti wakumva asokere, kuti mawa adzati, "Sindinatero ine." Oterewa tiwapeza m'malonjezo a ofuna mavoti ndi m'mapangano a obwereketsa ndalama, ndipo ana athu ayenera kuphunzira kuwanunkhiza.

Pakati pa awiriwa pali munthu wachitatu, ndiye wopanda mphamvu amene ayenera kunena zoona pamaso pa wamphamvu. Mkazi wobvutika pa ukwati sakhoza kuimirira pabwalo kudzudzula apongozi. Koma pa mtondo, munsi uli kugunda, aimba za khoswe wotha chimanga m'nkhokwe, ndipo mudzi wonse udziwa khosweyo dzina lache, koma palibe mlandu, pakuti makoswe alipodi. Luso lomweli linagwira nchito m'zaka za chipani chimodzi m'Malawi, pamene lamulo la 1968 linaika bungwe loyesa mabuku, ndipo liu lolunjika linali kutengera munthu kundende. Alembi a masiku amenewo anaphunzira kunena za nyama, za mbalame ndi za nthano za kale, owerenga namva za anthu amoyo. Jack Mapanje anatulutsa buku lache la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, mu 1981, ndipo dzina lokhalo liloza bilimankhwe, wosintha maonekedwe kuti apulumuke. Analemba m'Chingerezi, koma kaphiphiritsidwe kache nka pa mtondo. Ndipo tisaiwale mathero ache: mu 1987 anamangidwa, nakhala m'ndende ya Mikuyu, kufupi ndi Zomba, wosazengedwa mlandu, kufikira 1991. Chining'a chitchinjiriza munthu pa mlandu wa pabwalo, pamene pafunika umboni. Koma wamphamvu ali nao makutu awiri nayenso, ndipo pamene safuna umboni, chishango chimenechi chibooka.

Nanga tsono mnzathu wachinyamata uja timyankhe chiani? Ena pa wailesi anena "kusewera ndi mau," koma kumeneko ndiko kubveka Chingerezi nsalu ya kwathu, ndipo kupeputsa chinthu chimene chinaliza mlongo pa manda ndi kumangitsa mlembi. Ife tinena kuti dzina tiri nalo kale, ndilo chining'a, tikangolibwezera munda wache wonse umene buku la mayeso linaulanda. Ndipo pofuna kunena za nchito ya wolankhulayo, mneni wache ndiye kuphiphiritsa. Mphunzitsi akafuna kupatula mtundu uwu pa zining'a zoloweza pamtima, anene kuti chining'a chamoyo, chimene matanthauzo ache onse awiri ali maso. Ndipo ana adzamva msanga koposa kuwapatsa dzina la Chifalansa limene ngakhale ife tibvutika kulitchula.

Chimene tidandaula nacho ndi kaphunzitsidwe. Tilembetsa ana zining'a 20 pa bolodi, kumanzere chining'a, kumanja tanthauzo, naloweza, nakhoza mayeso. Koma mwana yemweyo akaponya chining'a chachechache m'kalasi, timuyesa wamwano. Tiri ngati munthu wotama nsomba zouma pa thandala, nakwiyira yamoyo chifukwa yamthira madzi. Mwano ulipo, ndipo mwana ayenera kudziwa nthawi ndi malo; msuweni anena zimene mkamwini sanganene, ndi mdzukulu pa maliro anena zimene mlendo sangayese. Koma zimenezi aziphunzira pozichita pamaso pa akulu omkonza, monga anaphunzirira makolo ache m'ndagi za madzulo.

Mnyamata uja wa legeni tinamuitana m'mawa mwache, anzache onse ali pomwepo, ndi kumuuza kuti popeza aoneka wokonda kuwerenga, asankhe yekha: awerenge nyerere za pa chulu cha kuseri kwa sukulu, kapena awerenge masamba 10 a buku. Anayang'ana kuchulu, nayang'ana ife, natenga buku.